Benchi la pa geti

Bandulo yanga inatha cha m'ma 11 koloko usiku, buku lomwe ndimapanga dawunilodi lili pa 60 peresenti. Assignment imafunika mawa lake 8 koloko. Bandulo ya sabata yonseyo ndinaigula Lolemba, ndipo limeneli linali Lachitatu. Poyamba ndinatukwana kampani ya netiweki chamumtima monga timachitira tonse, kenaka ndinalowa mu settings kuti ndione chomwe chadya data yanga. Sinali WhatsApp, sinalinso TikTok. Pamwamba pa mndandanda panali ka app kaulere kojambulira mapepala, komwe ndimajambulira manotsi a anzanga ndikajomba kalasi. Ka app kameneka ndikangojambula masamba awiri atatu kamayamba kandionetsa kanema: mnyamata wina akulumphalumpha kuti wawina mamiliyoni pobetcha mpira, kapena mayi akumwetulira kuti wapeza ngongole pa mphindi zisanu. Ine ndimangoyang'ana kumbali kudikira ka X kaja. Sindinkaganiza n'komwe kuti kanema aliyense amabwera pa bandulo yanga, kuti wonyamula katundu wa wotsatsa malondayo kudzamufikitsa m'maso mwanga ndine ndemwe.

Mesho wanga anandiyatsira hotspot, koma osati mwaulere. Malipiro ake anali chipongwe. Iye ali ndi iPhone X yomwe achimwene ake anamutumizira kuchokera ku Joni, yosweka pakona koma amaigwira ngati dzira. "Aise, vuto ndi mafoni anu okoperawo," anatero. "Android yonse ndi yakuba. Samsung anaba kwa Apple, ndipo khoti linagamula." Foni yanga si Samsung n'komwe, koma ku hositelo kwathu mkangano umenewu uli ngati wa Maule ndi Manoma, umasankha mbali usanamve nkhani.

Nditapereka assignment ija ndinatha masabata awiri ndikuwerenga za mlanduwu pa Wi-Fi ya ku laibulale, cholinga chili choti ndimutseke pakamwa mesho. Sizinatheke, chifukwa theka la zomwe ananena n'zoona. Koma ndinatulukako ndi nkhani ina, yomwe inandibwezera ku bandulo yanga ija.

Patenti ndi chikalata chomwe boma limapereka kwa munthu amene wapeka chinthu chatsopano. Iye amaulula poyera momwe chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo boma limamulonjeza kuti kwa zaka 20 wina asachipange popanda chilolezo chake. Palinso patenti ina yoteteza maonekedwe chabe a chinthu. Mu April 2011 Apple inasumira Samsung ku khoti la ku San Jose, California, pa mitundu yonse iwiri. Zina mwa zomwe imadandaula mukazimva mukhoza kuseka: foni ya makona anayi koma makonawo ali obulungira, kutsogolo kwakuda, tizithunzi ta ma app tondandalikidwa m'mizere, ka kudumpha komwe tsamba limachita mukafika kumapeto kwake, kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri. Mu August 2012 anthu wamba 9 omwe khoti linawasankha kuti agamule mlanduwo anati Samsung ilipire $1.05 biliyoni. Apa ndi pomwe mesho amathera nkhani yake.

Komatu mlandu sunathere pomwepo. Ku London, chaka chomwecho, jaji Colin Birss anagamula kuti tabuleti ya Samsung sinakopere iPad, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti siyotchena ngati iPad. Samsung inawina mlandu pouzidwa kuti katundu wake ngosakongola, ndipo Apple inalamulidwa kulengeza poyera kuti Samsung sinabe. Ku America ndalama ija inkatsika n'kukwera. Lamulo lomwe limati wokopera maonekedwe apereke phindu lonse lomwe wapeza linalembedwa mu 1887, potsatira milandu ya makapeti. Pa kapeti n'zomveka, poti munthu amagula kapeti chifukwa cha maluwa ake. Nanga foni, yomwe mkati mwake muli zinthu masauzande? Mu December 2016 khoti lalikulu la America linagwirizana ndi Samsung kuti phindu likhoza kuwerengedwa pa kachigawo kokha komwe kakoperedwa, osati foni yonse. Mlandu unabwerera pansi, mu May 2018 anthu ena anagamula $539 miliyoni, ndipo mwezi wotsatira makampani awiriwa anangogwirizana kunja kwa khoti osauza munthu kuti wapereka zingati ndani. Zaka zisanu ndi ziwiri. Mwana yemwe anayamba Sitandade 1 mlandu ukuyamba anali akukonzekera kulowa Sitandade 8.

Ndipo nthawi yonseyi Samsung inali ikugulitsa zipangizo kwa Apple. Ma chip a ma iPhone oyambirira ankapangidwa m'mafakitale a Samsung. Sikirini ya iPhone X, yomwe mesho amaipukuta ndi malaya ake kasanu pa ola, ndi ya Samsung. Nditamuuza zimenezi anangoti, "Ndiye bwanji?" Ndipo anafunsa bwino. Anthu omwe m'mawa akukokana ku khoti, masana akulemberana ma invoice, ndiye kuti chomwe akulimbiranacho si chomwe tikuchiona ife.

Munthu yemwe Steve Jobs anamukwiyira kwenikweni sanali Samsung. Anali Google. Eric Schmidt, mkulu wa Google pa nthawiyo, anakhala mu bodi ya Apple mpaka August 2009, uku kampani yake ikukonza Android yomwe inaigula mu 2005. Malinga ndi buku la mbiri yake lomwe analemba Walter Isaacson, Jobs ankati Android ndi katundu wakuba ndipo anali wokonzeka kuthera $40 biliyoni yonse yomwe Apple inali nayo kuti aithetse. Koma sanasumire Google. Anasumira HTC mu March 2010, kenaka Samsung. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kumva: Google simagulitsa Android. Imaipereka kwa opanga mafoni popanda kulipiritsa, ndiye ukaisumira uwerengera chipukuta misozi pa mtengo uti? Wogulitsa foni ndiye ali ndi risiti.

Funso lomwe linandigwira ndi lakuti, kampani ingawonongerenji ndalama zankhaninkhani kupanga chinthu n'kumachigawa ulere? Ndinalipeza yankho nditaika madeti pamzere. November 2009: Google ilengeza kuti ikugula AdMob, kampani yoika malonda m'ma app a pafoni, pa $750 miliyoni, kampani yomwe Apple nayo imaifuna. January 2010: Apple igula Quattro Wireless, yochita ntchito yomweyo. March 2010: Apple isumira HTC. April 2010: Apple ilengeza iAd, njira yakeyake yotsatsira malonda m'ma app. Milandu ya makona obulungira isanayambe n'komwe, akuluakuluwa anali atayamba kale kulimbirana ka malo kaja komwe mnyamata wobetcha amandilumphira. iAd inalephera, Apple inaitseka mu 2016. Google ndiye inakula. Mu 2023 kampani yomwe ndi mwini wake wa Google, Alphabet, inalowetsa ndalama zoposa $307 biliyoni, ndipo magawo atatu mwa anayi anachokera kwa otsatsa malonda.

Zomwe zinachitika pakatipa zinali ngati mayiko ogula zida. Mu 2011 mapatenti pafupifupi 6,000 a kampani ya ku Canada yomwe inagwa, Nortel, anagulitsidwa pa okushoni. Apple, Microsoft, Sony, Ericsson ndi opanga BlackBerry anasonkherana n'kugula pa $4.5 biliyoni kuti Google isawapeze. Patangopita milungu yochepa Google inalengeza kuti ikugula Motorola Mobility pa $12.5 biliyoni, yomwe inali ndi mapatenti pafupifupi 17,000. Mu 2014 inagulitsa mbali yopanga mafoni kwa Lenovo pa $2.91 biliyoni n'kutsala ndi mapepala ambiri. Microsoft yokha ndiye inachenjera mwakachetechete. Inkayendera opanga mafoni a Android mmodzimmodzi n'kumatolera msonkho pa foni iliyonse, moti zikalata za kukhoti zinadzaulula kuti mu 2013 mokha Samsung inaipatsa pafupifupi $1 biliyoni. Ndalama ngati zimenezi sizichokera m'thumba la bwana, zimalowa mu mtengo wa foni.

Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti gulu lomwe linagula mapatenti a Nortel lija, lotchedwa Rockstar, litasumira Google mu October 2013, silinadandaule za foni. Mapatenti omwe linatulutsa anali okhudza kulumikiza mawu omwe munthu wasaka pa intaneti ndi malonda oti amuonetse. Analasa pa mphika penipeni. Ndipo aka sikanali koyamba kuti Google ikokedwe pa nkhani yomweyi. Nzeru yoti otsatsa malonda azipikisana pa mtengo wa liwu lililonse lomwe anthu amasaka, n'kumalipira pokhapokha munthu akadina, inayamba ndi kampani ya Bill Gross yotchedwa GoTo.com, yomwe inadzasintha dzina kukhala Overture. Overture inasumira Google mu 2002. Yahoo inagula Overture, ndipo mu 2004, Google itatsala pang'ono kuyamba kugulitsa masheya ake pamsika, inapereka masheya 2.7 miliyoni kwa Yahoo kuti nkhani ithe. Ndiye ngati tikufuna kunena za kukopera, mesho, aliyense pabwalo limeneli ali ndi nsima ya mnzake m'manja.

Tsopano ndikuuzeni za amayi anga, chifukwa popanda iwo sindikanamvetsa gawo lotsatirali. Amayi amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa kwathu. Kwa zaka zambiri benchi lawo linali lachiwiri kuchokera pa geti. Msika utakonzedwanso malo anagawidwa mwatsopano, ndipo iwo anapezeka mkati, kuseri kwa ogulitsa usipa. Tomato yemweyo, wochokera kudimba komweko, mulu womwewo, mtengo womwewo. Koma anayamba kubwerera kunyumba dengu lisanathe. Munthu akatsika minibasi dzuwa likuswa mtengo sazungulira msika kufunafuna tomato wabwino koposa. Amagula pomwe wayambira kuona. Aliyense pamsika amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake malo a pa geti anthu amadana nawo mpaka kupitirana kwa asing'anga.

Pafoni, benchi la pa geti ndi kabokosi kosakira zinthu komwe mumakapeza kali kale pamenepo mukangoyatsa foni yatsopano. Mukhoza kukasintha, palibe amakuletsani, koma ndi angati amatero? Pa Android, Google inali ndi njira yake. Mu July 2018 bungwe la European Commission linailipiritsa chindapusa cha €4.34 biliyoni litapeza kuti wopanga foni aliyense wofuna Play Store ankayenera kuikamonso Google Search ndi Chrome. Ndiwo mtengo wa Android yaulere ija. Nanga pa iPhone, kwa mdani? Kumeneko Google inkachita kulipira lendi. Pa mlandu wina wosiyana, wa Oracle ndi Google, loya anaulula kuti mu 2014 Google inapatsa Apple $1 biliyoni kuti ikhalebe pa geti la iPhone. Taonani chakacho. 2014, mlandu wa Samsung uli mkati, Rockstar ili ku khoti, Jobs atamwalira zaka zitatu zokha zapitazo. Pofika 2022 lendi ija inali itakwera kufika $20 biliyoni pachaka. Mboni ina pa mlandu wa boma la America ndi Google inatulutsa pakamwa kuti Apple imalandira 36 peresenti ya ndalama zomwe Google imapeza kwa anthu osaka zinthu kudzera pa Safari. Chipukuta misozi chonse chomwe Apple inamenyera zaka zisanu ndi ziwiri kwa Samsung sichikwana lendi ya masabata awiri.

Apa ndi pomwe ndinasiya kuwerenga n'kutuluka panja kaye. Tinkaonera ndewu pabwalo, kuchemerera, kugawana mbali, pomwe kuseri eni ndewu amagawana ndalama za pakhomo.

Mu August 2024 jaji Amit Mehta ku Washington anagamula kuti Google inaphwanya lamulo pogwiritsa ntchito mapangano otere kutsekereza anzake. Koma pofika pa chilango, mu September 2025, anakana kuilamula kuti igulitse Chrome, ndipo sanaletse malipirowo, anangoletsa mapangano oti pa geti pakhale iyo yokha. Chimodzi mwa zomwe anaopa n'chakuti ndalamazi zikaima, ovutika akhala ena, monga Mozilla, yopanga Firefox, yomwe ndalama zake zambiri zimachokera kwa Google komweko. Khoswe wakhala pa mkhate.

Mesho ali ndi mfundo imodzi yomwe amaikonda, yoti Apple imateteza zinsinsi za anthu. Pali choonadi pamenepo. Kuyambira April 2021 app iliyonse pa iPhone imayenera kupempha kaye isanayambe kukutsatirani m'ma app ena, ndipo anthu ambiri amakana. Meta, mwini wa Facebook, inauza eni masheya kuti kusinthaku kuitayitsa pafupifupi $10 biliyoni mu 2022. Ndikanakonda foni yanga ikanamandifunsa chomwecho. Koma sindingaombe m'manja mpaka kuiwala kuti Apple yomweyo imagulitsa malo otsatsira malonda mu App Store yake, ndiponso kuti ndalama za Google zomwe imalandira zija ndi za otsatsa malonda omwewo. Mwini msika akathamangitsa mavenda pa geti, muyambe mwaona ngati sakuikapo benchi lake.

Pano ndiyenera kuvomera chinthu chomwe chimandisokoneza, chifukwa kulemba ngati ndine wolakwiridwa basi kungakhale kunama. Foni yomwe ndikulembera nkhani ino ndinaigula ndi ndalama za ganyu yophunzitsa ana a Fomu 4 pa holide. Ndinakwanitsa chifukwa wopanga wake sanalipire pulogalamu yoyendetsa foniyo. Chikhala kuti Jobs anapambana nkhondo yake, Android n'kufa, ine ndi anzanga ambiri m'kalasi mwathu bwenzi tikudikira achimwene a ku Joni omwe tilibe. Mapu, imelo, malo osungira ma assignment, zonsezi ndimagwiritsa ntchito osalipira tambala, ndipo akulipirira ndi otsatsa malonda omwe ndimawatukwana aja. Ngakhale mapatenti sindingawanyoze onse. Makona obulungira ndi nthabwala, inde, koma njira yomwe foni imalankhulirana ndi nsanja ya netiweki anthu anaikhalira pansi zaka zambiri, ndipo ayenera kudyapo. Mnzanga wina wa engineering akukonza kachipangizo koyeza chinyezi m'dimba, ndipo nkhawa yake yaikulu ndi yoti wina wa ndalama adzangokaona n'kukapanga mafakitale. Amafufuza kale za ARIPO, bungwe la ku Harare lomwe limalembetsa mapatenti a mayiko angapo a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Kwa iye patenti ndi mpanda wa dimba. Kwa Rockstar inali mfuti. Pepala lake ndi limodzimodzi, kusiyana kuli pa kukula kwa thumba lolipira maloya.

Ndipo tisaganize kuti milanduyi ndi ya kutali. Transsion, kampani ya ku Shenzhen yopanga Tecno, itel ndi Infinix, mafoni omwe adzaza m'mashopu a ku Limbe ndi ku Lilongwe, inakula kwambiri mu Africa pa nthawi yomwe akuluakulu aja anali otangwanika kukokana ku California. Itayamba kukula ku India ndi kwina, eni mapatenti anaiona. Mu 2024 Qualcomm inaisumira ku khoti la ku Delhi, ndipo pambuyo pake anagwirizana. Pa iPhone ya $1,000, madola ochepa owonjezera sawoneka. Pa foni yomwe mayi wa pamsika amasungira ndalama miyezi inayi, m'dziko lomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, madola ochepa omwewo ndi kusiyana kwa kugula ndi kusagula.

Chomwe chimandiwawa kwenikweni si kuona malonda. Wailesi imatsatsa malonda, nyuzipepala imatsatsa, ndipo palibe amadandaula. Koma wailesi sindiigulira bandulo kuti indiuze za sopo. Dongosolo lonseli linakonzedwa ndi anthu omwe intaneti yawo saiwerengera, omwe kwa iwo kanema wa masekondi 30 ndi kutaya masekondi 30 basi. Kwa ine ndi masekondi 30 ndi ma MB omwe ndinagula ndi ndalama ya chakudya chamasana. Komanso maso athu kuno ngotchipa pa okushoni ya otsatsa malonda, poti tilibe zambiri zogula, ndiye omwe amatsala kutilimbirana kawirikawiri ndi obetchetsa ndi obwereketsa ndalama. Munthu wa ku Berlin akayatsa foni yatsopano ya Android, kuyambira 2020 amafunsidwa kuti asankhe yekha kosakira zinthu komwe akufuna, chifukwa cha mlandu wa 2018 uja. Ine foni yanga sinandifunsepo. Likulu la bungwe loona za mpikisano pa malonda m'mayiko a COMESA lili ku Lilongwe konkuno, ndipo mayiko amenewa akaphatikizana ali ndi anthu mamiliyoni mazanamazana. Malawi payekha sangagwedeze Google, koma chigawo chonse chikhoza kupempha ka sikirini kamodzi kofunsa funso limodzi.

Kunena zoona, ndinayesa kudzithandiza ndekha. Ka app kojambulira kaja ndinakachotsa. Kosakira zinthu ndinasintha n'kuika kena. Ndinapirira masiku 9. Tsiku lakhumi ndimafuna msanga nkhani ina ya m'nyuzipepala ya konkuno, sinkabwera, ndipo ndinabwerera pa geti ngati wina aliyense wotsika minibasi. Mesho anaona, sanalankhule, anangomwetulira.

Holide yapitayi ine ndi achemwali anga tinasonkherana n'kuwagulira amayi foni yawo yoyamba ya sikirini, kuti asiye ka mabatani kaja. Ndinakhala nawo pakhonde kuiyatsa. Masamba a Chingerezi ankabwera motsatizana, ine n'kumangodina kuvomera, kuvomera, kuvomera.

"Ukuvomera chiyani, mwanawe?" anandifunsa.

"Ndi zoti foni iyambe kugwira ntchito, amayi."

"Ndalama zake zingati?"

"Palibe. N'zaulere."

Anandiyang'ana momwe amayang'anira kasitomala wonena kuti abweretsa ndalama mawa. Ndinafuna kuwafotokozera za San Jose, za $20 biliyoni, za jaji Mehta, koma sindinadziwe poyambira, ndipo iwo anali ndi changu china. Mnzawo wa benchi loyandikana anawauza kuti masiku ano makasitomala amaona katundu pa status ya WhatsApp n'kuimba foni, osavutikanso kulowa mpaka kuseri kwa usipa. Sindinawauze kuti mu June 2025 Meta inalengeza kuti iyamba kuika malonda olipiridwa pakati pa ma status omwewo. Anatulutsa dengu, anasankha tomato asanu owala kwambiri, anawapukuta ndi chitenje n'kuwaunjika pa mphasa pomwe pamafika dzuwa. Ndinajambula n'kuwaonetsa.

"Ayi," anatero. "Jambulanso. Awa akuoneka ngati a dzana."